Mfundo za Man-seok

Usiku wa Lachinayi ku Seomyeon, nsanjika yachitatu,
mvula ya ku Busan ikukwapula zenera cham'mbali,
mnyamata wa pampando wa nambala 17 anavula zam'makutu
nalankhula osandiyang'ana:
Mayi, sikirini yanu ikuchedwa.

Kuchedwa kotani? Si iyo ikuwala?

Dzanja langa lafika kale, iye anatero,
chithunzi chikadali m'njira.

Tae-gon dzina lake.
Amabwera asanavule yunifolomu,
amalipira ndi ndalama zofunda za m'thumba.
Anakwawira kunsi kwa tebulo ngati wataya batani,
natulukako ndi fumbi pamphuno.
Masikirini awa ndi akamwa zazikulu, mayi,
koma mukuwadyetsa ndi kasupuni ka tiyi.
Atha kujambula chithunzi chatsopano
ka mazana awiri ndi makumi anayi pa sekondi.
Waya wakaleyu akulola makumi asanu ndi limodzi basi.
Onani mukatembenuka msanga:
khoma likung'ambika pakati,
mutu wa munthu uku, miyendo uko.

Ndinadziwa za mawayawo.
Masikirini ndinagula chaka chatha,
koma kunsi kwa matebulo sindinakhudzeko.
Uko kunali kwa Man-seok.
Anamanga waya aliyense ndi ulusi wofiira,
mfundo zitatu pampando,
lilime lili pakona pa mlomo,
chaka chomwe tinatsegula, mawondo ake akadali abwino.

Wogulitsa anandionetsa watsopano m'chikhatho,
DisplayPort, ngodya imodzi yodulidwa,
timano makumi awiri m'kamwa mwake.
Msewu wotakata uwu, anatero.
Ndiponso sikirini sithamanga yokha,
imadikira kompyuta imalize kujambula,
zimapuma mpweya umodzi.
Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse.

Lolemba ndinatseka chitseko.
Sizasi ndinaitenga, ndinaibwezera m'dirowa.
Mipando makumi atatu ndi iwiri,
mfundo iliyonse ndi chikhadabo,
zina zinalimba ngati zakwiya,
ina inamasuka yokha, ndinakhala pansi kaye.
Pampando wa nambala 9 anamangapo zinayi.
Kaya anaiwala kuwerenga, kaya ndinamuitana.

Waya watsopano akalowa amalira kuti tche,
kamodzi, ngati lamba wa m'galimoto.

Dzuwa litapendeka ndinayatsa imodzi.
Ine sindisewera zimenezi,
ndinangogwira kambewa n'kukayendetsa.
Kamuvi kanatsata dzanja langa
osadumpha, osasiya mipata,
ngati madzi otsetsereka pagalasi.
Ndinazungulitsa, ndinazungulitsanso,
mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri
yekhayekha m'chipinda cha mipando yopanda anthu.

Tae-gon akuti kale chithunzi chilichonse
chinkakhala tizigawo khumi ndi tisanu n'kamodzi
ta sekondi yogawidwa chikwi,
pano tinayi tokha.
Ndinafunsa: ndani angaone zimenezo?
Diso mwina ayi, anatero, koma chala chimadziwa.

Chimadziwadi.
Madzulo aja Man-seok anaitana ali kumbuyo,
ine ndikuwerenga ndalama za m'kabati,
ndinayankha kuti dikira pang'ono.
Pang'ono pamenepo sindinapayeze.
Palibe waya wake.

Lachinayi linabweranso, mvula itakata.
Mnyamata anakhala pa 17, chete, msana woongoka,
kuwala kukusinthasintha pamasaya ake.
Patatha ola ndinamva tebulo lamenyedwa.
Bwanji, ikuchedwabe?
Ayi, mayi, ikufika nthawi yake.
Ndagonja ndekha.
Anaseka, nayitanitsa khofi wa m'chitini.

Ulusi uja uli m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa
pafupi ndi makina a malisiti,
udakali wopindika momwe unagwirira waya.
Mawaya atsopano ali lende kunsi kwa matebulo,
ana amawakola ndi nsapato.
Ndagula ulusi wina, wobiriwira.
Mfundo zanga zimamasuka pofika m'mawa,
ndikuphunzira.