Mneni wa Nibaldo

Lachiwiri madzulo ku Valparaíso,
m'chipinda cha pamwamba pa ophika buledi,
ndimaphunzitsa Chingerezi anthu asanu ndi anayi
amene afika mawondo akunjenjemera
ndi masitepe a mzinda uno.

Lamulo ndalilemba pabolodi, choko chikuthyokathyoka.
Zikakhala kuti zinatha, chitseko chinatsekedwa,
mneni aime yekha: lived.
Zikakhala kuti zikadalipo, zikukhudza lero,
mumuikire kamnzake patsogolo: has lived.
Mukangotchula dzulo, kapena chaka chakuti,
ndiye kuti mwakhoma ndi loko.

Maritza wa kufamase wamva msanga,
akuyasamula, akuyang'ana wotchi.
Anyamata awiri oyendetsa mathiraki
akukangana ngati ngongole ya chaka chatha
ndi yotseka kapena yotsegula.
Taseka.

Bambo Eleuterio sanaseke.
Iwo anakalambira padoko, kumanga zingwe za sitima,
ndipo akuphunzira chifukwa mdzukulu wawo
anabadwira ku Glasgow,
pafoni amangomwetulirana ngati alendo m'basi.
Pensulo amaigwira ngati msomali.

Ndinati aliyense alembe za m'bale wake.
Iwo alemba mzere umodzi,
kuti mng'ono wawo Nibaldo
has lived m'nyumba yobiriwira ya pamtunda
chibadwire.

Ndawerama ndi cholembera changa chofiira.
Akukhalabe momwemo? ndafunsa.
Ayi.
Ndiye anasamuka?
Ayi.
Pepani, anamwalira?

Avula magalasi, awapukuta ndi malaya.
Anabwera anthu usiku, akutero,
iye ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri,
atavala nsapato imodzi.
Inayo ili pansi pa bedi mpaka lero.
Mtembo sitinauone.
Amayi anamwalira akumusungira mbale.
Ndiye mundiuze ndinu, aphunzitsi,
chitseko chimenechi ndi chotseka?

Pansi, ophika buledi akukoka mathireyi.
Fungo lakwera, lotentha.
Maritza wasiya kuyang'ana wotchi.

Ndinaphunzira zaka zisanu za galamala,
ndili ndi satifiketi mufelemu,
ndikudziwa tsamba limene lamuloli lili,
ndi zitsanzo zake za makiyi otayika
ndi sitima zochedwa.
Tsambalo silinafunsepo za munthu
amene sanafe, sanabwere.

Mayeso a boma akadzafika
woyesa adzafuna lived,
adzadula mzere, adzachotsa malikisi,
ndipo adzakhala kuti sanalakwe.
Ndawauza zimenezo, motsitsa mawu.
Agwedeza mutu, amva,
koma labala sanaikhudze.

Cholembera ndachibwezera chivindikiro.
Tipitirize, ndatero, tsamba lotsatira,
mneni wosatsata lamulo,
kupita, kutenga, kuiwala.

Ola litakwana atsika mmodzimmodzi.
Iwo atsalira, akupinda pepala kanayi,
alilowetsa m'thumba la pamtima.
Ndawaona pawindo akukwera mtunda,
akupuma pa sitepe iliyonse yachikhumi,
kulowera kunyumba yobiriwira
kumene nyali ya pakhonde,
ndangozindikira lero,
siizimitsidwa.