Chodzutsa Njala

Faifi koloko ikakwana, nkhungu imatsika m'phiri la Dedza
n'kudzakhala pakhonde la loji ngati mlendo wosalipira.
Ine ndimamanga tayi yagulugufe,
n'kupukuta matambula a mwendo umodzi, aatali ngati akakowa.
Limodzi n'long'aluka pamlomo. Ndimalibisa kumbuyo.

Tsiku loyamba a Kadzakumanja anandilangiza:
"Filimoni, vinyo uyu samwera nyama.
Amatsogola, kuti atsegule m'mimba."
Ndinaseka mpaka misozi.
Kwathu ku Mayani zotsegula m'mimba timathamangira nazo kuchipatala.
Iwo sanaseke. "Kudzutsa njala, iwe."

Kudzutsa njala!
Kodi imagona?
Yathu ija imadzuka tambala asanalire,
imatiperekeza kudimba la mbatatesi,
Febuluwale akafika imadzagona pakati pa ine ndi mkazi wanga
maso ali gwa.

Komabe ndimathira. Dzanja lamanzere kumsana,
botolo lozizira ngati mwala wa mu Linthipe,
zala ziwiri basi, osadzaza.
Bwana wa ku Lilongwe amazunguza tambula,
amalowetsamo mphuno,
akuti akumva maapozi, udzu wongomweta kumene,
ndi kamphepo ka dziko lina.
Ine ndimangomva sopo amene ndatsukira.

Azakhali anga a Nanthambwe amafulula wawo wa mapichesi
m'ndowa yapulasitiki, kuseri kwa chitseko, masabata atatu.
Ameneyo sadzutsa kanthu. Amagoneka:
ngongole ya feteleza, msana, maliro a dzana.

Lachisanu lapitali mayi wina anasiya theka,
milomo yake yofiira itatsalira pagalasi.
Pakati pa khonde ndi khitchini pali kamdima.
Ndinatembenuza tambula, n'kumwera mbali inayo.
Kuwawasa ngati bwemba,
kenako kutsekemera pang'ono, mochedwa,
ngati pepani wa munthu wonyada.

Ndiye inadzukadi.
Ndinanyamula mbale zisanu ndi zitatu za nkhuku yootcha
iyo ikundikanda m'nthiti,
Esinta wophika akufunsa, "Wadwala?"
Ndinadya teni koloko itadutsa, chiimire,
zotsala za patebulo lachinayi.

A Kadzakumanja sananame.
Ndikapita kumudzi ndikawauza azakhali
kuti kuno njala imagulidwa, imabwera m'botolo lobiriwira.
Ndikudziwa kale yankho lawo:
"Likatha udzandibweretsere botololo,
ndizisungiramo palafini."