510510, pa Munali

Ndinaiona basi yathu ikudutsa pa Munali,
kuseri kwa chiwongolero cha a Nkhuwa,
pa kagalasi kowerenga makilomita:
510510.
Pakamwa panga panauma, Tauni ndinasiya kuitanira.
Chenji cha mayi wa thumba la impwa
chinagona m'manja mwanga.

Nambala yobadwa mapasa,
510 atabereka mnzake kumsana.
A Mshanga, aja ankatiphunzitsa masamu ku Chelstone
fizi isanandigwetse m'kalasi,
ankati nambala ikatalika usaithawe,
igwire pamkono, uifunse kwawo.

Ndinaifunsa pachikhatho ndi bolopeni yotafunatafuna.
Pawiri inalola kugawika.
Patatu inalola. Pasanu, osanyinyirika n'komwe.
7 analowa, 11 analowa, 13 nayenso,
ndipo pansi penipeni ndinapeza 17 ali phee,
ngati wokwera wotsiriza usiku wa Lamlungu.

Asanu ndi awiri onse ouma mutu, okana kugawidwa,
atafola motsata msinkhu,
palibe wadumphidwa, palibe wakwera kawiri.
Oigawa osasiya kanthu alipo 128.
Ukawaunjika pamodzi, mwini wake ataima pambali,
amamupitirira kutali.
Yotere a Mshanga ankaitcha yosefukira,
munthu wa abale ambiri kuposa mbale za m'nyumba mwake.

"Iwe, chitseko!"
A Nkhuwa alibe nazo ntchito nambala
pokhapokha zikhale za mafuta ndi za bwana madzulo.

Tisanafike pa mlatho wa ana a yunivesite
kagudumu kakumapeto kanatembenuka.
510511.
Mmodzi yekha ndiye anawonjezeka,
koma 2 anakana, 3 anakana,
mpaka 17 anayang'ana kumbali.
Aliyense akagawa ankasiya mmodzi panja,
monga timasiyira munthu pa Northmead
dzanja lili m'mwamba, basi itadzaza.

Ndinati uyu ndiye mnzanga,
wopanda womugawa, wongodziimira pakhomo.
Ndinamukonda msewu wonse,
fumbi ndi utsi zikundilowa m'mano.

Pa Kulima Tower, tikudikira mzere wathu,
chikhatho chitatha malo ndinakwera pamkono.
Ndinayesa 19.
Analowa bwinobwino, wosasiya ndi nyenyeswa.
Kumbuyo kwake kunatuluka 97 ndi 277,
alendo amene sindinawaitane.
Wamasiye uja anali ndi kwawo,
kungoti abale ake amakhala kutali.

Khumi ndi asanu ndi anayi:
ndi mmene timakwanira m'basi muno
tsiku limene apolisi sali pamsewu,
kuwerenga a Nkhuwa, ndi ine
wopinda msana pachitseko.

Mayi wa impwa anandikoka malaya.
"Mwana iwe, masamu onsewa pamkono,
koma makwacha anga atatu akukukanika?"

Ndinawapatsa, inki itawadetsa m'mphepete.
Thukuta linali litayamba kale kufufuta 13.