Juzi ya Pansi pa Chitseko

Tinafika ku Namwera chiperoni chisanachoke m'mapiri,
ine ndi Konsitebo Mwafulirwa,
galimoto itatizimira kawiri pa chitunda cha Chowe.

Pakhomo mlandu anali atagamula kale.
Akuti ndi tameki.
Akuti ndi Asiyatu, mkazi wamng'ono,
si ndiye anabweretsa tiyi ndi mbatata dzulo madzulo?
Anamukhazika payekha kuseri kwa nkhokwe,
mpango utagwera m'fumbi, wopanda womutolera.
Shehe anayang'ana wotchi yake:
Bwana, sanda tadula kale, maliro athu sagonera.

Ndinapempha ola limodzi.

Ntchito yanga ndi kufunsa zinthu zopanda pakamwa.
M'chipindamo simunapse kanthu,
ngakhale ulusi wa neti.
Che Twaibu anagona chammbali, dzanja kutsaya,
Abiti Mkwanda atawafunditsa bulangete lawo lomwe.
Tameki ndimamudziwa, sapha mwaulemu chonchi:
amasiya thovu kukamwa, mphasa yopindika,
munthu atalimbana ndi mimba yake usiku wonse.
Apa ayi.
Ndinatsegula mlomo wa bamboyo ndi chala cha gulovu,
mkati muli psuu ngati chipwete chakupsa.
Zikhadabo nazonso.

Kuseri kwa chitseko, m'dengu,
thadzi linali litafa pa mazira asanu ndi anayi.
Mwafulirwa, lemba:
nkhuku sinamwe tiyi.

Mbaula inali kumiyendo kwa bedi.
Ndinapisa dzanja m'phulusa, pakati pakadali kutentha.
Makala akamanyeka m'nyumba yotseka
amapuma mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu,
sutsokomoletsa, suyabwa m'maso,
umangolowa m'magazi n'kukhala pampando wa mpweya wabwino.
Mutu umalemera, munthu amati ndatopa.

Zenera linali lokhomedwa katoni ya sopo.
Mpata wa pakati pa khoma ndi malata
anaumata dothi chaka chatha.
Kunatsala malo amodzi opumira nyumbayi,
kamphako ka pansi pa chitseko,
ndipo pamenepo ndinapeza juzi yasukulu, yobiriwira,
yokanikizidwa bwinobwino ndi kamtengo
kuchokera kunja.

Kunja.
Mwafulirwa anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

Sindinafunse mokweza.
Ndinangoona kamnyamata kali chilili pafupi ndi njinga,
malaya okhaokha m'mphepo yonse ija,
milomo ikunjenjemera.
Dzina lako? Ajibu. Sitandade faifi.
Juzi yako ili kuti?
Ababa amatsokomola usiku, anatero,
mphepo imalowera pansipo.
Ndinadikira agone kaye kuti asandikanize.

Ndagwirapo mawaya osungunuka m'magolosale,
ndanunkhizapo petulo pa zitseko za anthu odana,
ndatolapo zidutswa za silinda ya gasi padenga la eni ake,
koma umboni wolemera ngati juzi imeneyi
sindinaunyamulepo.

Adokotala anatenga magazi m'timabotolo tiwiri.
Ndinauza khamulo za makala, za nkhuku, za katoni,
kawiri, pang'onopang'ono,
mpaka mayi wina anapita kukatola mpango uja
n'kuukung'untha.
Jeneza inanyamuka dzuwa lisanapendeke.

Pafomu pali kabokosi kakang'ono kolembamo choyambitsa.
Ndinalemba: ngozi, mpweya wa makala.
Za juzi ndinalemba m'munsi, monga lamulo lifunira,
zilembo zake zing'onozing'ono
kuposa mmene ndimalembera masiku onse.

Tikukwera galimoto, anandigwira mkono wa yunifolomu.
Bwana, kodi anamva kuzizira?

Ayi, Ajibu.
Sanamve kuzizira.

Tinatsika Chowe osayankhulana.
Kumusi ku boma kunali kotentha ngati kale,
akabaza akuimba mabelu pa mlatho,
ndipo usiku umenewo mkazi wanga anadzuka kawiri
kutseka zenera limene ine ndinkatsegula.