Liwu Limene Bambo Ankagulitsa

Sitolo ya bambo ku Halifax ikununkhabe girisi ndi utuchi.
Ndabwera kudzawerenga katundu wotsala,
poti eni ake tinawaika Lachiwiri, mvula ikuwaza.
Pa dirowa yachitatu analemba ndi dzanja lawo lopendama:
bolt.
Ndakoka. Mabawuti ali mbwee,
aatali, aafupi, ena adzimbiri ngati mano a wosuta kaliwo.

Zilembo zinayi basi,
koma m'nyumba mwathu liwuli linkagwira ntchito
kuposa bambo amene.

Amayi ankalisenza paphewa ku fakitale ya ubweya.
Kwa iwo bolt unali mpukutu wa nsalu,
mayadi ambirimbiri okulungidwa pathabwa,
ndipo madzulo ankafika zala zitada bii ndi utoto.
Amalume a Seth ankalitukwana kudimba:
dzuwa likanyanya, letesi wawo ankachita bolt,
kuthamangira kumwamba, kumasula maluwa,
masamba n'kusanduka owawa, osadyeka.

Aphunzitsi athu a Ackroyd, a magalasi okhuthala aja,
anati kalekale liwuli linali muvi,
waufupi, wolemera kumutu, woponyedwa ndi uta wopingasa.
Ena onsewa ndi ana a muviwo, anatero.
Mpiringidzo wa pachitseko unatengera thupi,
hatchi yodzidzimuka inatengera liwiro,
mphezi yogwa kumwamba kuli mbee inatengera mtima.
Ine ndinaimika mkono:
Nanga liwu limodzi lingatseke bwanji khomo
n'kukhalanso lothawa?
Anati, Khala pansi, Glenys.

Mlongo wanga Lyndon ankameza mbatatesi osatafuna.
Bambo ankamenya tebulo ndi liwu lomwelo,
Usachite bolt chakudya, iwe, ukuthamangira kuti?
Iye ankangoyang'ana pawindo.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
usiku umene anakana sitolo.
Anati sadzakalamba akuwerenga misomali.
Bambo anaimirira, anapita kukhomo lakuseri,
anakankha mpiringidzo, gwa!
Tione udzera pati.

Pakati pa usiku ndinamva windo likulira.
Ndinadzambatuka n'kukhala tsonga pabedi,
ndipo nakonso kukhala tsonga koteroko
kwathu kuno timakutchula ndi liwu lomweli.
Sindinakuwe.
Kutacha, msewu wonse unali utamva kale,
amayi ogula mkaka akunong'onezana,
Mwana wa a Holroyd wachita bolt.

Kuno timaseka munthu wotseka khola hatchi itathawa kale.
Bambo sanatseke.
Anatenga sikuludiraiva m'mawa womwewo,
anamasula mpiringidzo uja, osalankhula ndi munthu.
Pachitseko panatsala timabowo tinayi
ndi kachigamba ka penti yosasuluka.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
anagulitsa mipiringidzo kwa tauni yonse,
kulangiza anthu ya mkuwa, ya chitsulo, yoyenera geti,
khomo lawo lakuseri likungogwedera ndi mphepo ya m'mapiri.
Chisanu chinkalowa. Mphaka wa eni ankalowa.
Tsiku lina munalowa chidakwa, chinagona pamkeka wa galu,
bambo anachipatsa tiyi.
Lyndon anatumiza khadi kawiri,
ina yochokera ku Aberdeen, ina sitampa yake sinkawerengeka.
Kumaliro sanabwere. Kaya anamva.

Tsopano dzanja langa lafika pansi pa dirowa.
Pali kanthu kokulungidwa m'kansalu ka amayi,
kabuluu, ka ubweya, kodyedwa ndi njenjete.
Ndamasula.
Mpiringidzo uja, ndi masikuluwu ake anayi,
wopakidwa mafuta posachedwapa.
Alibe mtengo.

Kunja kwayamba kuda, mabasi ayatsa nyali.
Wogula sitolo akufuna buku la katundu mawa.
Ndanyowetsa pensulo ndi lilime, monga ankachitira bambo,
ndalemba: bolt, imodzi.
Sindinanene kuti iti.