Magolovesi a Temuulen

Kuno kumtunda kwa Ulaanbaatar,
kumene utsi wa malasha umagona pa madenga ngati bulangete lakuda,
mwana wanga Temuulen wabweranso kusukulu
manja atawabisa m'khwapa.

Magolovesi achitatu chaka chino.
Ofiira anapita, abuluu anapita,
tsopano awa ndinaluka usiku
nditaweruka ku fakitale ya majuzi, maso akundiyabwa.

"Ali kuti?"
Sanayang'ane pansi.
"Ali ndi Narantuya. Amakoka ngolo ya madzi,
zala zitauma gwa ngati nkhuni."

Ndinakalipa, sindibisa.
Ndinati ubweya sugwa kumwamba ngati chipale,
ndinati atate ako amalawirira basi m'chisanu chothyola mafupa
kuti ufunde iwe, osati dera lonse.
Iye anangondiyang'ana, mamina akuchucha:
"Amayi, anaseka. Mano onse poyera.
Mukanamuona."

Usiku umenewo tulo tinandithawa.
Mbewuyi ndinadzala ndine.
Ali ndi zaka zinayi ndinkamunyamulitsa mbale ya msuzi wa nkhosa
akapereke kwa a Dorjsuren, otola mabotolo kuseri kwa mpanda.
Miyendo ndinali nayo,
koma ndinkafuna manja ake adziwe njira.
Theka la msuzi linkathera m'njira,
iye n'kubwerera akudumphadumpha ngati walandira ndiye.
Ndinkati ndikuphunzitsa ulemu.
Sindinadziwe kuti ndikukoleza moto
wodzanyeketsa ulusi wanga wonse.

M'mawa ndinamukhazika pafupi ndi mbaula.
Mawu oti "usiye" anandikanirira pakhosi.
Ndinamupatsa singano ndi mpukutu wa ulusi.
"Ako usavulenso panja.
Chala chikadulidwa kuchipatala sichiphukanso.
Koma luka. Zomwe uluke n'zako,
ukapatse amene mtima wako wafuna."

Koma ndiye kuluka kwake!
Golovesi loyamba linali ndi zala zinayi.
Lachiwiri, chala chachikulu chinatulukira pambali
ngati nyanga ya mbuzi.
Anamasula, analira, anaponyera singano kunsi kwa bedi,
anakazitola yekha nditatembenuka.
Milungu isanu inadutsa.
A Dorjsuren anavala limodzi lobiriwira, lina lotuwa,
nawakweza m'mwamba pamsewu kuti aliyense aone.

Ndinkayesa phunziro latha.

Loweruka lina Narantuya anagogoda,
atafumbata kansalu, m'kati muli tizidutswa ta mkaka wouma
tochokera kwa azakhali ake kumudzi.
Mwana wanga anabweza manja kumbuyo.
"Ayi, kadye wekha. Ife tili nazo."
Ndinaona nkhope ya mtsikanayo ikuzima
ngati khala lothiridwa madzi.

Ndinamukokera pambali, ndinanong'ona:
"Kukoma kuja umamva m'chifuwa ukapereka,
nayenso wakulondola mpaka pakhomo pathu.
Ukakana, wamulanda."
Anakhala chete nthawi yaitali, akukanda khutu.
Kenako anatambasula manja onse awiri.
Mkakawo unali wowawasa, wolimba ngati mwala.
Anautafuna nkhope itakwinyika,
ndipo Narantuya anaseka mpaka kugwira chitseko.

Sindikudziwa kuti dziko lidzamutani mwana ameneyu.
Alipo anthu odziwa kununkhiza dzanja lofewa,
adzamudyera, adzabwera kunyumba atapsa mtima,
ndipo ine sindidzakhala ndi ulusi wosokera bala limenelo.
Nthawi zina ndimafuna nditamuumitsako pang'ono.
Nthawi zina basi.

Lero kwazizira kuposa dzulo.
Magolovesi ake ndawamangirira chingwe
chodutsa m'mikono ya jekete, asanamizire kuiwala.
Thumba lakumanzere latupa.
Sindinafunse kuti ndi za yani.
Ndaima pakhomo, mpweya wanga ukusanduka utsi,
ndikumuona akutsetsereka pa chipale, akuthamangira kumunsi,
dzanja limodzi litagwira thumba lija kuti lisagwe.

Ndatseka chitseko.
Ndatsegula bokosi la ulusi.
Wobiriwira watha.