Makompyuta Asanu a ku Thalassery

Mvula ya Juni itafika,
denga la laibulale linayamba kudonthera mabuku a malamulo,
ndipo patebulo panga panagona kalata:
malayisensi atha, lipiraninso.

Makompyuta athu ndi asanu.
Imodzi imatsokomola ikamayaka.
Ina bambo Kunhiraman amati ndi yawo,
poti ndi pomwe amalembera mwana wawo ku Sharjah.

Ndinawerenga ndalama kawiri.
Zinkakwana denga, kapena malayisensi.
Osati zonse.

Rinsha, ambulera ikudontha pakhomo,
anasolola fulashi m'thumba la yunifomu.
"Mayi Sulekha, mapulogalamu awa si aulere chabe,
ndi mfulu.
Atseguleni m'mimba, akonzeni, gawirani anzanu,
palibe adzakufunseni chiphaso."

Ndinakayika. Chaulere ine ndimachiopa:
chimabwera chikumwetulira, ngongole itabisala kumsana.
Komabe tinayesa pa yotsokomola ija.

Inayaka, osatsokomola.
Zilembo za Chimalayalamu zinatuluka
zopiringizika bwino ngati zigoba za nkhono.
Pulinta yokha inanyanyala masiku atatu,
walira mvula walira matope,
mpaka tinapeza kuti wina wa ku Peru,
amene sitidzamuona nkhope,
anasiya kale mankhwala ake poyera.

A Kunhiraman anang'ung'udza:
"Batani langa lasamuka!"
Ndinawagwira chala, ndi kuwalondolera.
Lero abwera ndi mnzawo wogulitsa nsomba,
akumuphunzitsa mokweza mawu
ngati anabadwa nazo.
Ndawaloza chikwangwani choletsa phokoso,
sanandione.

Mmisiri wa denga abwera Lolemba.
Ndowa ikadali pansi pa shelefu.